Kunja kwa kalasi, kumene mwana wa pulayimale amaphunzira kukhala ndi mawu

Tsiku lina, pasukulu ina ya pulayimale pomwe ndinkaphunzitsa, tinkayembekeza alendo. Tinasankha mtsikana wa sitandade 6, wa mawu omveka bwino, kuti alankhule m'malo mwa anzake onse. Mawu oti akanene ndinamulembera ndine, usiku, papepala long'amba m'kope, ndipo anawaloweza masiku atatu. Tsikulo litafika anaimirira, manja kumbuyo, n'kunena kuti ana onse ndi okondwa, akuthokoza aphunzitsi, ndipo akulonjeza kulimbikira. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Alendo atapita ndinamuyamikira, kenaka ndinangomufunsa mocheza kuti, “Nanga ukanalemba wekha, ukananena chiyani?” Anazolika, akukanda dothi ndi chala cha kuphazi, n'kuyankha motsitsa mawu: “Ndikananena za chitseko cha kuchimbudzi cha atsikana, aphunzitsi. Sichitsekeka. Timapita awiriawiri kuti wina azigwira.”

Pafupi ndi chitseko chimenecho ndinkadutsa tsiku ndi tsiku, osadziwa kanthu. Atsikana onse a pasukulupo ankadziwa, koma panalibe malo pomwe akanaitula nkhaniyo, ndipo tsiku lokhalo lomwe mmodzi wa iwo anapatsidwa mpata wolankhula, m'kamwa mwake munali mawu anga.

Tikamakamba za zochitika za kunja kwa kalasi, ambiri timaganiza za mpira, kwaya, zisudzo, magule, mtsutso, kalabu ya dimba, ya zaumoyo, ya kuwerenga, ya zachilengedwe. Tikamakamba za kutenga mbali kwa ophunzira, timaganiza za mamonitala, mapulifekiti ndi khonsolo ya ana. Kawirikawiri ziwirizi zimalembedwa pamapepala osiyana, n'kupatsidwa aphunzitsi osiyana. Kwa ine ndi nkhani imodzi. M'kalasi zonse zinakonzedwa kale mwana asanabadwe n'komwe: silabasi, nthawi ya phunziro, buku, funso ndi yankho lake lolondola. Palibe cholakwika pamenepo, mwana ayenera kudziwa kuwerenga ndi masamu. Koma belu likalira, ndiye kuti yakwana nthawi yokhayo patsiku la sukulu yomwe mwana angasankhe chinthu chenicheni, n'kuona ndi maso ake zomwe chisankhocho chabala. Kalabu yomwe zonse amalamula ndi aphunzitsi yangokhala phunziro lina lowonjezera, lopanda bolodi chabe.

Kumvetsera ana si chifundo chomwe aphunzitsi angachite akadzuka bwino. Pa 20 November 1989, bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa ana, lomwe mayiko onse a m'bungweli analilandira kupatula United States. Ndime 12 ya panganoli imati mwana aliyense amene angathe kukhala ndi maganizo akeake ali ndi ufulu wowanena momasuka pa nkhani zonse zomukhudza, ndipo maganizowo aganiziridwe molingana ndi msinkhu komanso kukhwima kwake. Ndime 31 imakamba za ufulu wopuma, kusewera, ndi kuchita nawo zaluso ndi zachikhalidwe. Mu 2009, komiti yoyang'anira panganoli inafotokoza kuti ndime 12 ilibe malire a zaka. Choncho mwana wa sitandade 1, yemwe mano akutsogolo angoguluka kumene, naye akuwerengedwa. Mwina sangalembe kalata, koma angajambule malo a pasukulu omwe amawaopa, kapena kukugwirani dzanja n'kukakuonetsani.

Tionetsetse apa: panganoli silikuti zonse zomwe mwana wanena zichitike. Ambiri amaopa pamenepa, amati ana atikwera pamutu. Mawu ofunika ndi akuti “aganiziridwe”. Udindo umakhalabe m'manja mwa akuluakulu.

Vuto ndi lakuti kumvetsera kwenikweni ndi kunamizira kumvetsera zimafanana kwambiri ukamaziona uli patali. Mu 1992, katswiri wina dzina lake Roger Hart, polembera bungwe la UNICEF, anayerekeza kutenga mbali kwa ana ndi makwerero a masitepe asanu ndi atatu. Masitepe atatu apansi iye anati si kutenga mbali n'komwe. Loyamba ndi kugwiritsa ntchito ana pa zolinga za akuluakulu, monga kuwanyamulitsa zikwangwani zomwe sakumvetsa tanthauzo lake. Lachiwiri ndi kuwasandutsa chokongoletsa mwambo: avale zofanana, ayimbe, avine, atuluke, nkhani zenizeni zikambidwe iwo kulibe. Lachitatu ndi chiphamaso, pomwe mwana amaoneka ngati wapatsidwa mawu koma sanasankhe mutu, sanafunse anzake, ndipo zomwe wanena sizipita kulikonse. Ine ndi mtsikana uja tinali pamenepa. Kuyambira sitepe lachinayi, mwana amauzidwa bwinobwino ntchito yomwe wapatsidwa ndi chifukwa chake. Pamwamba pake amafunsidwa maganizo n'kuuzidwa zomwe zatsatira, kenaka amagawana chisankho ndi akuluakulu, mpaka kufika poti ana amayambitsa chinthu okha n'kuitana akuluakulu kuti aganize nawo.

Makwerero amenewa asatipusitse kuti sukulu yabwino ndi yomwe nthawi zonse ili pasitepe lapamwamba. Pali nkhani zina, monga za chitetezo pa ulendo wa sukulu, zomwe kungowafotokozera ana moona mtima n'kokwanira. Phindu la makwererowa ndi lakuti amatiyalutsa tikaima pa masitepe atatu apansi aja tikudzitama kuti ana athu ali ndi mawu.

Nanga khonsolo ya ophunzira yogwira ntchito imasiyana bwanji ndi ya dzina lokha? Laura Lundy wa ku Queen's University ku Belfast, mu 2007, anatchula zinthu zinayi zomwe ziyenera kupezeka limodzi: malo abwino olankhulira, thandizo loti mwana athe kutulutsa zomwe zili mumtima, munthu womvetsera amene ali ndi mphamvu yochitapo kanthu, ndi kusintha kooneka kapena yankho lomveka. Masukulu ambiri amakwanitsa ziwiri zoyambazo n'kulekera pomwepo. Ana amasonkhana pansi pa mtengo kapena m'kalasi yopanda anthu, amalankhula, mlembi amalemba, kope limatsekedwa, basi. Teremu yotsatira amadandaula zomwezija. Pofika teremu yachitatu amasiya kubwera, ndiye akuluakulu amati ana a masiku ano alibe chidwi. Chidwi anali nacho. Anangoona okha kuti akutungira madzi m'dengu.

Ku Wales anaona kuti pamenepa mpomwe pamafera nkhani. Malamulo omwe anakhazikitsa mu 2005 amafuna kuti masukulu aboma, a pulayimale omwe, akhale ndi khonsolo ya ophunzira, mamembala ake asankhidwe pa voti yachinsinsi, ikumane kosachepera kasanu ndi kamodzi pachaka, ndipo ahedi ndi komiti yoyendetsa sukulu aganizire zomwe khonsolo yawatumizira n'kupereka yankho. Mfundo yomalizayi ndiyo mtima wa zonse. Yankho likhoza kukhala “ayi”. Ana amalandira “ayi” bwino kuposa momwe timaganizira, malinga abwere ndi chifukwa: ndalama sizikwanira chaka chino, lamulo silikulola, tiyese njira iyi m'malo mwake. Chomwe chimawapweteka ndi kukhala chete kwa akuluakulu.

Voti yachinsinsi nayo si nkhani yaing'ono. Aphunzitsi akamasankha okha, amasankha mwana waukhondo, womvera, wokhoza m'kalasi, amene sangawachititse manyazi. Ndi mwana wabwino, inde, koma nthawi zambiri amadziwa zochepa za moyo wa mnzake amene amachedwa tsiku lililonse, amene amabwereza kalasi, kapena amene amamenyedwa kuseri kwa makalasi pa buleki. Palinso kusiyana pakati pa pulifekiti ndi woimira ophunzira, ngakhale m'masukulu ambiri ndi munthu mmodzi. Pulifekiti amanyamula mawu a aphunzitsi kupita nawo kwa ana: amalemba mayina a olongolola, amayang'anira kusesa. Woimira ophunzira amanyamula mawu a ana kupita nawo kwa aphunzitsi. Mwana amene dzulo anakulemba dzina kuti ukalandire chibalo, lero sungamuuze zakukhosi.

Ena amati zonsezi n'zotheka kwa ana a kusekondale, a pulayimale ngochepa nzeru. Ndikamva zimenezi ndimakumbukira Janusz Korczak, dokotala wa ana wa ku Poland, amene kuyambira mu 1912 ankayendetsa nyumba ya ana amasiye achiyuda ku Warsaw pamodzi ndi Stefania Wilczyńska. Ana a m'nyumbamo, ambiri a msinkhu wa pulayimale, anali ndi nyumba yawo ya malamulo, nyuzipepala yawo, ngakhalenso bwalo lawo la milandu. Sabata iliyonse oweruza asanu ankasankhidwa mwa maere pakati pa ana omwe sabata imeneyo analibe mlandu. Mwana aliyense akanatha kusumira mnzake kapena wamkulu, ndipo Korczak mwini anaimapo pabwalolo kangapo ngati wozengedwa. Mbali yaikulu ya malamulo a bwalolo inali yokhululuka, chifukwa cholinga chinali choti wolakwa azindikire ndi kusintha, komanso kuti mwana wofooka ndi wamanyazi akhale ndi kothawira akaponderezedwa ndi wamphamvu. Sizinayende mosalala nthawi zonse. Panali nthawi yomwe bwalolo linaimitsidwa kwa kanthawi ana ena atayamba kuliseweretsa, koma linakonzedwa n'kuyambiranso. Mu August 1942, a Nazi a ku Germany atalamula kuti anawo atengedwe, Korczak anapita nawo limodzi ku msasa wopherako anthu wa Treblinka, komwe onse anaphedwa. Munthu amene anakhulupirira ana kufika pamenepo sankachita zoseweretsa pomwe ankawapatsa mpando woweruzira.

Tibwere ku makalabu ndi masewero. Kodi zimathandizadi mwana, kapena zimangomudyera nthawi yowerenga? Funsoli makolo amalifunsa ndi mtima wabwino, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Kafukufuku wambiri amapeza kuti ana ochita nawo zakunja kwa kalasi amakonda sukulu ndipo sajomba kawirikawiri. Koma pamafunika kusamala pomasulira zimenezi, pakuti nthawi zambiri ana amene amalowa makalabu ndi omwe kale ali ndi mpata: kwawo n'kufupi, makolo amawalimbikitsa, sadikiridwa ndi ntchito zambiri akaweruka. Choncho si bwino kulonjeza kholo kuti mwana akalowa kwaya ndiye kuti masamu akhoza. Phindu lenileni lili pena.

Lina ndi la thupi. Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a 2020, limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi zotulutsa thukuta pafupifupi mphindi 60 patsiku. Mwana amene wakhala pansi maola angapo, mutu umalema ngakhale aphunzitsi ataphunzitsa mokoma bwanji. N'chifukwa chake kulanda mwana buleki ngati chilango kumabweza zinthu m'mbuyo: mwana wosakhazikika uja ndi amene amafunika kuthamanga kuposa onse.

Phindu lina, lomwe ine ndimaliona lalikulu, ndi la mumtima. Akatswiri awiri a za maganizo a munthu, Edward Deci ndi Richard Ryan a ku University of Rochester, anafotokoza kuti munthu amalimbikira chinthu mochokera pansi pa mtima zinthu zitatu zikakwanira: akamva kuti wasankha yekha, akaona kuti akuchitha, ndiponso akamva kuti ali pakati pa anthu omufuna. M'kalasi ya ana ambiri, mwana wochedwa kugwira zinthu akhoza kutha chaka chathunthu osalawako ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Ndinali naye mnyamata wotere. Powerenga ankachita chibwibwi, anzake n'kumaseka, mpaka anazolowera kukhala kumbuyo, chibwano pa desiki. Ku kalabu ya dimba anali munthu wina. Ndi iye amene anazindikira kuti mbande za mzere wakumapeto zikufota chifukwa madzi akuthamangira kumunsi osalowa pansi. Anatenga khasu, n'kukonza timigula topingasa, anzake atamuzungulira akumufunsa kuti, “Apa titani?” Ndinamuona akuwerenga mbande mzere ndi mzere, akuchulukitsa ndi kamtengo padothi, masamu omwewo omwe m'kope ankawasiya osalemba. Kuwerenga sikunasinthe tsiku limodzi ayi. Chomwe chinasintha n'chakuti anapeza chifukwa chobwerera kusukulu Lolemba, ndipo anzake anayamba kumuitana ndi dzina lake m'malo mwa dzina lomunyoza.

Pali msampha umodzi womwe masukulu okonda makalabu amagweramo: mphotho ndi zikho. Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anachita kafukufuku pa ana a sukulu ya mkaka omwe ankakonda kujambula. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena anawapatsa mosayembekezera, ena sanawapatse kanthu. Patapita masiku, ana omwe analonjezedwa satifiketi aja ankajambula nthawi yochepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo akasiyidwa kuti asewere momwe akufunira. Chomwe ankachichita pochikonda chinali chitasanduka ganyu. Mpikisano suli woipa, ana amaukonda, ndipo umawaphunzitsa kugonja osalira ndi kupambana osanyoza. Koma sukulu ikaika mtima wonse pa chikho, timu imasanduka ya ana khumi ndi mmodzi okha, kwaya imachotsa onse a mawu osasalala, ndipo ana mazana otsalawo ntchito yawo imakhala kuonerera ndi kuomba m'manja.

Apa mpomwe pali funso lomwe ndimafuna sukulu iliyonse itadzifunsa teremu iliyonse: ndani amene palibe? Tengani kaundula wa sukulu yonse, muike chizindikiro pa dzina la mwana aliyense amene ali m'kalabu kapena m'timu ina iliyonse. Mudzapeza mayina ena ali ndi zizindikiro zinayi, ena ambiri alibe n'chimodzi chomwe. Mukawafunsa opanda chizindikirowo, zifukwa zake sizikhala ulesi. Wina kwawo n'kutali, sangatsalire akaweruka chifukwa kungamudere panjira. Wina amathamangira kukalera mng'ono wake. Wina alibe nsapato kapena chovala chomwe kalabu imafuna, ndipo manyazi amamuletsa kunena. Wina amayenda pa njinga ya olumala, bwalo lili kuseri kwa masitepe. Wina samva bwino, ndipo zolengeza zonse zimanenedwa pakamwa pa asembule. Mayankho ake nthawi zambiri safuna ndalama zambiri: kuika makalabu mkati mwa maola a sukulu tsiku limodzi pasabata, kuchotsa lamulo la zovala zapadera, kulola mwana kuyesa kalabu milungu ingapo asanakhazikike.

Ana okha amaziona zimenezi msanga kuposa ife. Pasukulu ija, chitseko chitakonzedwa, tinayambitsa khonsolo, kalasi iliyonse kuyambira sitandade 3 n'kusankha mtsikana ndi mnyamata. Ndinkayembekeza kuti ayamba ndi kupempha zinthu zodula. Nkhani yoyamba inali ya bwalo. Mtsikana wina wamng'ono anati, “Belu likangolira anyamata akuluakulu amatenga mpira ndi bwalo lonse. Ife timasewera m'mbali mwa makalasi, ndiye aphunzitsi amatikalipira kuti tikusokosa.” Anyamata anakana, mawu anakwera, wina anatuluka mokwiya n'kubwereranso. Ine manja ankandiyabwa kuti ndingogamula, poti yankho ndinali nalo kale. Ndinadziletsa. Zinawatengera misonkhano iwiri kuti agwirizane ndandanda yogawana masiku, ndipo inali yokhotakhota kuposa yomwe ndikanalemba ine. Koma poti inali yawo, ankaiteteza okha. Mnyamata wa sitandade 8 akalowa m'bwalo tsiku losakhala lake, omutulutsa anali anzake a sitandade 8 omwewo.

Luso lovuta kwa wamkulu pa ntchito imeneyi ndi lomwelo: kukhalapo koma osalanda. Ana a pulayimale sangasiyidwe okha. Pafunika wamkulu woonetsetsa kuti palibe akuvulala, palibe akuponderezedwa, ndipo munthu aliyense wochokera kunja wodzathandiza kalabu ndi wodziwika bwino, sakhala ndi mwana payekha kobisika. Pafunikanso wowaphunzitsa zinthu zomwe sitibadwa nazo: kusinthana polankhula, kulemba mfundo za msonkhano, kukafunsa anzako m'kalasi usanabwere kudzawaimira, kutsutsa maganizo a munthu popanda kumunyoza. Mapulogalamu omwe afalikira m'mayiko ambiri anamangidwa pa mfundo yomweyi. Child-to-Child, yomwe David Morley ndi Hugh Hawes anayambitsa ku London chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, imadalira ana kufufuza vuto la zaumoyo m'dera lawo n'kuphunzitsana okhaokha. Eco-Schools, pulogalamu ya kusamalira zachilengedwe m'masukulu yomwe inayamba mu 1994, sitepe lake loyamba ndi kukhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi ophunzira.

Tisaiwale aphunzitsi. Makalabu ambiri amakhala pamsana pa mphunzitsi mmodzi wodzipereka, amene waphunzitsa tsiku lonse, makope akumudikira, koma amatsalirabe. Tsiku lomwe wasamutsidwa kapena watopa, kalabu imafa ngati moto wa mapesi. Ahedi amene amafunadi zimenezi amaziika pa ndandanda ya sukulu ngati ntchito yeniyeni, amagawa mtolo kwa aphunzitsi angapo, amaitana makolo ndi anthu aluso a m'dera kuti athandize. Ndipo apanso kupatsa ana udindo kumapulumutsa: kalabu yomwe ana amadziwa komwe kumakhala makiyi, amene amasunga zida, ndi zomwe zichitike sabata yamawa, imapitirira ngakhale mphunzitsi atasintha.

Chovuta china n'chakuti ana a pulayimale amachoka nthawi yomwe afika podziwa bwino ntchito. N'chifukwa chake khonsolo yathu tinaipatsa kope limodzi lachikuto cholimba, tsamba lililonse logawidwa patatu: zomwe tapempha, yankho la ahedi, ndi tsiku lomwe yankholo labwera. Kumapeto kwa chaka, a sitandade 8 asanalembe mayeso, ankakhala pansi ndi a sitandade 5 ndi 6 n'kuwerenga nawo tsamba ndi tsamba, kuwaonetsa zomwe zinatheka, zomwe zinakanidwa ndi zifukwa zake, ndi mizere yomwe danga lapakati linali likadali lopanda kanthu. Mizere imeneyo ndi yomwe atsopanowo ankayambira pa msonkhano wawo woyamba.